Kawerengedwe ka mwayi wa makhadi awiri oyamba pa poker, ndalemba kamodzi kuti tisamakanganenso

Funso ili ndaliyankha kambirimbiri, pa tebulo pathu ku Chibavi, pa WhatsApp, mpaka tsiku lina mfana wina waku Mzuni anandiimitsa ndikudikira taxi ya ku Luwinga nkundifunsa zomwezo: "Akulu, dzulo ndinali ndi ma A awiri koma ndadyedwa ndi munthu wa 9 ndi 8, zikutheka bwanji zimenezi?" Ena amafunsa kuti AK (A ndi K) ndi peya ya ma 7 (ma 7 awiri) wamkulu ndani, ena akuti foni ikuwabera. Nde ndaona kuti bola ndilembe kamodzi, wina akadzafunsanso ndizingomutumizira izi. Masamu ake si ovuta ayi, ndi kuphatikiza, kutaimusa ndi kugawa basi, calculator ya pafoni ikukwana. Chomwe ndikupempha nchoti mutenge paketi ya makhadi ikhale pafupi, chifukwa zina mwa izi zimalowa mmutu ukaziona ndi maso osati kungowerenga.

Ndikunena za Texas Hold'em, ija aliyense amapatsidwa makhadi awiri obisa kenako pakati pa tebulo pamabwera makhadi asanu a tonse. Atatu oyamba amabwera limodzi, amenewo ndi flop, lachinayi ndi turn, lomaliza ndi river, ndipo aliyense amasankha asanu abwino mwa makhadi 7 amenewo. Ndalama kapena nyemba zomwe zaunjikana pakati ndi pot. Ndikanena mtundu ndikutanthauza mtima, dayimondi, sipedi kapena kalabu. Khadi la 10 ndizililemba 10 pomwe mma app ambiri amalilemba T, musasokonezeke.

1. Yambani mwawerenga paketi yanu

Zikumveka ngati zachibwana koma werengani. Makhadi akhale 52, majoka achoke, mtundu uliwonse ukhale ndi makhadi 13. Ife tinasewerapo usiku wonse mu June muja kukuzizira, mbaula ili pansi pa tebulo, ndi paketi yomwe inali itafewa ndi chinyezi cha kuno, mmawa pokonza mnyumba mpamene 7 ya dayimondi inapezeka itamatirira kunsi kwa thireyi ya tiyi. Aliyense amene ankadikira 7 kapena dayimondi usiku umenewo ankadikira pa mwayi wochepa kuposa mmene amaganizira. Manambala onse ali mmunsimu akuyenda ndi 52.

Tsopano, kodi makhadi awiri angakubwerereni mnjira zingati? Loyamba likhoza kukhala lililonse mwa 52, lachiwiri lililonse mwa 51 otsala, 52 kutaimusa 51 ndi 2,652. Koma A kenako K ndi chimodzimodzi K kenako A, mmanja mwanu muli zomwezo, nde tigawa ndi 2. Yankho ndi 1,326. Nambala imeneyi muisunge, ndi pomwe payambira zonse.

2. Lowezani 6, 4 ndi 12

Tulutsani ma A anayi muwayale pa tebulo. Yesani kuwaika awiriawiri muone kuti zituluka kangati: mtima ndi dayimondi, mtima ndi sipedi, mtima ndi kalabu, dayimondi ndi sipedi, dayimondi ndi kalabu, sipedi ndi kalabu. Njira 6. Peya iliyonse, kaya ndi AA kaya ndi 22, ili ndi njira 6.

Tulutsaninso ma K anayi. A aliyense akhoza kuyenda ndi K aliyense, 4 kutaimusa 4 ndi 16. Mwa 16 amenewa, 4 ndi a mtundu umodzi, A wa mtima ndi K wa mtima choncho, ndipo 12 otsalawo ndi osiyana mtundu. Nde makhadi awiri aliwonse omwe si peya ali ndi njira 16, zogawika 4 ndi 12.

Mukafuna kutsimikiza kuti sindikunama: mapeya alipo 13, kutaimusa 6 ndi 78. Magulu a mtundu umodzi alipo 78, kutaimusa 4 ndi 312. Osiyana mtundu aliponso 78, kutaimusa 12 ndi 936. Phatikizani 78, 312 ndi 936 mupeza 1,326 yomwe ija. Ndipo 13 kuphatikiza 78 kuphatikiza 78 ndi 169, nchifukwa chake tchati cha mabokosibokosi chomwe mumachiona pa intaneti chimakhala ndi mizere 13 uku ndi 13 uku. Cholakwika chomwe ndimachiona nchoti anthu amayesa bokosi lililonse pa tchatipo limabwera mofanana. Ayi. Bokosi la AK osiyana mtundu limabwera kawiri kuposa la AA, ndiponso katatu kuposa la AK a mtundu umodzi.

3. Abwera kangati?

Apa mpofulumira. Tengani njira za makhadi omwe mukufunawo mugawe ndi 1,326. AA ndi 6 pa 1,326, ndiye kuti kamodzi pa magawo 221. Ngati pa tebulo panu mukugawa ka 25 pa ola, amenewo ndi maola pafupifupi 9 pa AA mmodzi, nde munthu amene amangokhala kudikira ma A awiri adzangothera nyemba zake mma blind, zija ziwiri zokakamiza zomwe zimazungulira tebulo. Peya iliyonse ndi 78 pa 1,326, kamodzi pa 17. AK wa mtundu uliwonse ndi 16 pa 1,326, kamodzi pa 83. Makhadi awiri a mtundu umodzi ndi 312 pa 1,326, pafupifupi kamodzi pa 4, si chinthu chosowa ngati mmene ena amasangalalira nacho.

4. Makhadi anga ndi ake, wamkulu ndani?

Apa ndinene chilungamo, nambala yeniyeni simungaipeze ndi cholembera. Mukadziwa makhadi anu awiri ndi a mnzanu awiri pamatsala 48, ndipo asanu apakati aja angatuluke mnjira 1,712,304. Kompyuta ndi imene imayesa zonsezo nkuwerenga kuti mwawina kangati, mapulogalamu ngati Equilab ndi PokerStove ntchito yake ndi imeneyo. Nambala imene imatuluka amaitcha equity, ndiye kuti gawo la pot lomwe ndi lanu mutati musewere makhadi omwewo kambirimbiri mpaka ku river. Koma pa tebulo simutsegula laputopu, nde chofunika ndi kuloweza magulu ochepa awa, ndipo ndikupatsani manambala ozungulira chifukwa mtundu wa makhadi umasuntha pang'ono.

Peya yaikulu pa peya yaing'ono, monga AA pa KK kapena 99 pa 44: pafupifupi 82 kwa 18.

Peya pa makhadi awiri ang'onoang'ono kwa iyo: AA pa 7-2 osiyana mtundu ndi 88, koma AA pa 7-6 a mtundu umodzi imatsika kufika 77, chifukwa timakhadi totsatana ta mtundu umodzi tili ndi njira ya straight (makhadi asanu otsatana) komanso ya flush (makhadi asanu a mtundu umodzi). Mfana wa ku Mzuni uja anagwera apa, 9-8 uja sanali wakufa ngati mmene ankaganizira, amawina pafupifupi kamodzi pa kasanu.

Peya pa makhadi awiri akuluakulu kwa iyo: iyi ndi ija amati kuponya ndalama yachitsulo mmwamba. QQ pa AK osiyana mtundu ndi 57 kwa 43, 22 pa AK yemweyo ndi pafupifupi 53 kwa 47. Inde, ka peya ka ma 2 kali patsogolo pang'ono. AK ndi wokongola koma asanagunde kanthu pa tebulo ndi A wamkulu chabe, alibe peya.

Peya pa khadi limodzi lalikulu ndi lina laling'ono, monga 10-10 pa A-7: pafupifupi 70 kwa 30.

Awiri akuluakulu pa awiri ang'onoang'ono popanda peya, monga AK pa J-10 a mtundu umodzi: pafupifupi 60 kwa 40. Kusiyana kwake nkochepa kuposa mmene maso amaonera.

Lomaliza ndi lomwe limapha anthu mwakachetechete, nonse muli ndi khadi limodzi lofanana koma lachiwiri lanu ndi laling'ono. AK pa AQ ndi pafupifupi 74 kwa 26. A akabwera pa flop inu a AQ mumasangalala, mumathira nyemba, osadziwa kuti A yemweyo wathandizanso mnzanu ndipo K wake akukuposani. Amene amakonda kulowa ndi A-5, A-8, K-9 munthu wina atakweza kale, ndalama zawo zambiri zimapitira pamenepa.

5. Werengani anthu amene alowa

Ija mumamva yoti AA amawina 85% ndi yoona, koma ndi pa munthu mmodzi yekha amene wagwira makhadi alionse ongotola. Akakhala awiri imatsika kufika pa 73, atatu 64, anayi 56, asanu 49, ndipo anzanu 9 akalowa onse mpaka kumapeto mumatsala ndi 31 yokha. Pa tebulo pathu vuto lake ndi lomweli, anthu amakonda kuona flop, nde wina amagwira AA nkungolowa mwakachetechete kuti akole anzake, anthu asanu nkulowa motchipa, kenako akadyedwa amati tsoka. Si tsoka achimwene, mwaitana nokha anthu asanu ndipo pa anthu asanu mumaluza kuposa theka la nthawi. Kwezani mtengo kuti atsale mmodzi kapena awiri.

Koma musatembenuzenso nkumati nde AA ndi wachabe anthu akachuluka. Mukakhala anthu 6 mu pot gawo la aliyense likanakhala 17 pa 100, inu muli ndi 49, pafupifupi katatu. Mudzaluza kawirikawiri koma mukawina mukutenga za anthu asanu. Chomwe chimafunika ndi mtima wotha kuwataya ma A aja flop ikabwera yoipa ndipo anthu awiri akukwezerana.

6. Flop indithandiza kangati?

Njira yosavuta ndi kuwerenga mobwerera, pezani mwayi woti khadi lomwe mukufuna lisabwere, kenako muchotse pa 100. Tiyese ndi 55. Mwagwira awiri, osaoneka atsala 50, ma 5 otsala ndi awiri, nde 48 si ma 5. Khadi loyamba kusakhala 5 ndi 48 pa 50, lachiwiri 47 pa 49, lachitatu 46 pa 48. Pa calculator: 48 × 47 × 46 mugawe ndi 50 × 49 × 48, ikupatsani 0.882. Ndiye kuti 88 pa 100 simupeza kanthu, 12 pa 100 mupeza 5 wachitatu, ija amati set. Kamodzi pa 8 ndi theka. Nchifukwa chake ka peya kakang'ono nkolowa nako motchipa, ndipo ine sindilowa pokhapokha mnzangayo ali ndi nyemba zambiri kumbuyo, zosachepera ka 15 pa zomwe ndikulipirazo, kuti tsiku lomwe ndagunda ndibweze maulendo onse omwe ndinaphonya.

Ena amafunsa kuti bwanji tikuti 50 pomwe makhadi ena ali mmanja mwa anzathu. Khadi lomwe simunalione ndi losaoneka basi, kaya lili mpaketi kaya lili mmanja mwa wina, poti simukudziwa kuti ndi liti mumaliwerengera limodzi ndi enawo.

Njira yomweyi ikuuzani kuti ndi AK kapena makhadi ena alionse osakhala peya, omwe angakupatseni peya ndi 6, nde 44 × 43 × 42 kugawa ndi 50 × 49 × 48 ndi 0.676, kutanthauza kuti mumagunda 32 pa 100 yokha, kawiri pa katatu flop imakudutsani. Ikuuzaninso zowawa za mapeya akuluakulu: ndi KK, A amatulukira pa flop 23 pa 100. Ndi QQ, A kapena K amatulukira 41 pa 100. Ndi JJ khadi lalikulu limabwera 57 pa 100, kuposa theka, nde musamadabwe kuti ma J awiri amakusowetsani mtendere nthawi zonse.

Za makhadi a mtundu umodzi, ma flop onse alipo 19,600, ndipo omwe amakupatsani flush pompo ndi 165 okha, kamodzi pa 119. Oti mutsale ndi khadi limodzi kuti ikwane ndi 11 pa 100, ndipo mukafika pamenepo makhadi okuthandizani, aja amati ma outs, ndi 9, mwayi woti ikwane pofika ku river ndi 35 pa 100. Zonse pamodzi, kuchoka pachiyambi mpaka ku river flush imakwana pafupifupi 6 pa 100. Mtundu umodzi umangowonjezera 2 kapena 3 peresenti pa mphamvu ya makhadi anu. J-4 ya mtima ndi J-4 basi, itayeni.

7. Apa mpamene ambiri amadumpha: simukudziwa makhadi a mnzanu

Zonse za mu sitepe 4 zikuyenda ngati mnzanuyo wakuonetsani makhadi ake, koma pa tebulo palibe amene amakuonetsani. Nde funso loti "QQ amawina maperesenti angati" lilibe yankho limodzi, yankho lake ndi funso linanso: pa ndani, ndipo iyeyo wachita chiyani? Anthu amalakwitsa mbali ziwiri. Wamantha amangoti "ali ndi ma A ameneyu" nkutaya. Wokonda kulowa amangoti "ali ndi AK basi" nkuthira zonse. Onsewa asankha makhadi amodzi omwe mtima wawo ukufuna. Choyenera ndi kulemba mmutu gulu lonse la makhadi omwe munthuyo angachite nawo zimene wachitazo, gulu limeneli amalitcha range, kenako nkuwerenga njira za lililonse ndi 6, 4 ndi 12 zija.

Tiyende pang'onopang'ono. Mwagwira QQ, mwakweza, ndipo bambo wina amene wakhala phee usiku wonse akungomwa tiyi wake wakankha nyemba zake zonse pakati. Mwamuona kwa miyezi, sachita zimenezi ndi makhadi achabechabe. Mukuganiza kuti ndi AA, KK kapena AK.

Choyamba, njira. AA ndi 6, KK ndi 6, AK ndi 16. Zonse 28. Taonani kale apa, AK yekha akuposa AA ndi KK kuwaphatikiza, 16 kwa 12, chinthu chomwe mantha sakuuzani. Palinso QQ inayo koma poti ma Q awiri ali kwa inu yatsala njira imodzi yokha ndipo mumangogawana pot, tiisiye kuti masamu apepuke.

Chachiwiri, mwayi wanu pa lililonse, kuchokera mu sitepe 4. Pa AA muli ndi 18, pa KK 18, pa AK tiike 56 poti ena mwa iwo ndi a mtundu umodzi.

Chachitatu, taimusani njira ndi mwayi wake. 6 × 18 ndi 108. 6 × 18 ndi 108 kachiwiri. 16 × 56 ndi 896. Phatikizani, 1,112.

Chachinayi, gawani ndi njira zonse. 1,112 kugawa ndi 28 ndi pafupifupi 40. Ndiye kuti QQ wanu pa bambo ameneyu ali ndi 40 pa 100.

Cholakwika chachikulu apa, ndipo ndachiona ngakhale kwa anthu odziwa masamu, ndi kungophatikiza 18, 18 ndi 56 nkugawa ndi 3, zomwe zimapereka 31. Mwatero mwaiwala kuti AK amabwera kawirikawiri kuposa enawo. Kusiyana kwa 31 ndi 40 nkokwanira kukutayitsani makhadi omwe mumayenera kulowa nawo.

Tsopano sinthani munthu, makhadi anu akhale omwewo. Ngati ndi mayi uja amene AK amangolowa naye mwakachetechete ndipo zonse amaika ndi AA kapena KK basi, mwatsala ndi 18. Ngati ndi mnyamata wotentha magazi amene amakankhanso ndi JJ ndi 10-10, onjezani njira 12 zomwe inu muli ndi 81: 12 × 81 ndi 972, kuphatikiza 1,112 ndi 2,084, kugawa ndi njira 40, mwafika pa 52. QQ yemweyo, 18, 40, 52. Nchifukwa chake ndimawauza anyamata kuti mukataya makhadi musamathamangire pa Facebook, yang'anani zomwe anzanu akuonetsa kumapeto, chifukwa range ya munthu simuipeza pa tchati, mumaipeza pomuona.

Pali kanthu kenanso kamene kamasintha chiwerengero, makhadi omwe mwagwira inuyo mnzanu sangakhale nawo. Mukagwira A mmodzi ma A otsala ndi atatu, yalani pa tebulo muone, awiriawiri akutuluka katatu kokha, nde AA watsika kuchoka pa 6 kufika pa 3. Tiyese ndi AK osiyana mtundu mmanja mwanu pa munthu wa AA, KK, QQ ndi AK. AA njira 3, KK njira 3, QQ 6 poti simunagwire Q, AK ndi 3 × 3 yomwe ndi 9. Zonse 21. Mwayi wanu pa AA ndi 7 yokha, pa KK 30, pa QQ 43, pa AK mnzake 50 poti nthawi zambiri mumagawana. Nde 21 kuphatikiza 90 kuphatikiza 258 kuphatikiza 450 ndi 819, kugawa ndi 21 ndi 39. Mukanaiwala kuchotsa makhadi anuwo mukanadziopseza ndi ma AA ndi ma KK omwe theka lake kulibe.

Ndikudziwa wina anena kuti akulu, zonsezi ndiwerenga nthawi yanji anthu akundiyang'ana? Simuwerengera pa tebulo. Mumawerengera kunyumba, pa kope, magetsi akazima mulibe chochita, zitsanzo khumi kapena makumi awiri za zomwe zinakuchitikiranidi, kenako pa tebulo mumangokumbukira kuti izi ndinaziwerengapo kale, zimagwera cha mma 40.

8. Yerekezani ndi mtengo

40 pa 100 payokha sikuuzani kuti lowani kapena tayani, mpaka muone mtengo. Tibwerere kwa bambo wa tiyi uja, tiike mmakwacha kuti zimveke. Inu munaika K1,500, iye wakankha K5,500, pakati pali K7,000, kuti mulowe mukufunika kuwonjezera K4,000. Tengani zomwe mukulipira mugawe ndi pot yonse mutalipira kale: 4,000 kugawa ndi 11,000 ndi 36 pa 100. Umenewu ndi mwayi wochepetsetsa womwe mukufunika. Muli ndi 40, nde lowani, ngakhale mukudziwa kuti ka 6 pa ka 10 mudzuka pampando mulibe kanthu. Gawo lanu la K11,000 ija ndi K4,400 pomwe mwalipira K4,000. Kwa mayi wa AA ndi KK uja gawo lanu ndi K1,980 pa K4,000 yomweyo, tayani ma Q anu ngakhale zikuwawa.

Awiri amalakwitsa apa. Wina amaiwala kuphatikiza K4,000 yake mu pot nkugawa ndi 7,000. Wina amati "ndaika kale K1,500 yanga sindingaisiye." Ija si yanunso, inalowa mu pot, funso ndi la K4,000 yomwe ikadali mthumba mwanu. Ndipo ngati mukusewera pa app kapena ku casino, eni malo amadulapo kagawo pa pot, amati rake, nde pamene masamu akuti 36 muzifuna kuposerapo pang'ono.

Pali zina zomwe ndimamva pa tebulo zomwe zimandipweteka mtima chifukwa zimadyetsa anthu ndalama. Wina amati ndaphonya set ka 10 motsatana nde ulendo uno ibwera basi. Makhadi sakumbukira, mukasakaniza bwino ulendo uliwonse ndi 12 pa 100 yomweyo. Wina akawina ndi zinyalala kawiri anthu amayamba kunong'ona kuti ali ndi mankhwala, pomwe 7-2 osiyana mtundu, amene amatchuka kuti ndi oipitsitsa, amawinabe pafupifupi 35 pa 100 pa munthu mmodzi wa makhadi ongotola. Enanso amanditchulira Doyle Brunson, kuti anawina World Series of Poker ku Las Vegas mu 1976 ndi 1977 ndipo maulendo onse awiri anamalizira ndi 10-2. Nzoona, koma apo anali atatsala awiri okha pa tebulo, pomwe makhadi ofooka amaseweredwa chifukwa ma blind amakufikira ulendo uliwonse, si chifukwa choti inu mulowe ndi 10-2 pa tebulo la anthu 8.

Ndinenenso ili poti ambiri amene amandifunsa ndi ana asukulu. Masamu awa amagwira pa maulendo mazanamazana, usiku umodzi akhoza kukutayani ngakhale mwachita zonse molondola, mwaona nokha kuti AA amagwa 15 pa 100 pa munthu mmodzi. Ndalama ya fizi, ya lendi kapena ya ufa isafike pa tebulo, ndipo za kukongola pa Airtel Money kapena Mpamba kuti mubweze zomwe mwaluza musayambe nkomwe, ndaonapo mnzathu akugulitsa foni chifukwa cha zimenezi ndipo sanabwerenso pakati pathu. Amene sanakwane zaka 18 za ndalama asayandikire. Ife timasewera ndi nyemba, aliyense 100, ndipo masamu ake ndi omwewa ndendende.

Nayi ntchito yoti muyese musanandifunsenso. Mwagwira JJ, mnzanu wakankha zonse ndipo mukumuika pa AA, KK, QQ ndi AK. Mtengo ndi womwe uja, K4,000 kuti pot ikwane K11,000. Pa mapeya atatuwo ikani 18, pa AK ikani 56. Mukawerenga bwino mupeza njira 34 ndi mwayi wa pafupifupi 36, ndendende pa mzere, pomwe kulowa ndi kutaya sizisiyana kwenikweni ndipo chotsala ndi mmene mukumudziwira munthuyo. Mukapeza 33, bwererani pa AK, mwaika njira 12 mmalo mwa 16.